Anabwera kwa ine katatu

Foni inalira ndili pa mashini, ndikupinda siketi ya yunifolomu ya mwana wa sukulu. Unali mwezi wa Juni 2024, chaka chimene chimanga chinapserera m'minda chisanamasule. Woimbayo anali mwana wa mlongo wanga wotsiriza, amene amagwira ntchito ku Lusaka. Anafunsa za mawondo anga, anafunsa za njala, kenako anafika pa chimene anaimbira.

"Atsibweni, ndapeza mbeta. Ukwati uliko mu Okutobala, ndipo tikufuna mudzakhale ankhoswa. Musade nkhawa, ndi Loweruka limodzi lokha. Ya basi ndikutumizirani pa foni."

Ndinachotsa phazi pa chopondera. Ndinamuuza kuti ndamva, andipatse masiku ndiganize. Anakhala chete pang'ono, chifukwa kwathu tsibweni sapempha masiku pa nkhani yotere. Mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, unkhoswa wake unabadwa nawo. Inenso kukana sindinkakana. Chimene chinandiima pakhosi ndi mawu aja akuti Loweruka limodzi lokha.

Ndinabadwa mu 1952 m'dera la Mfumu Mbang'ombe ku Katete, tauni ino ya Chipata ikutchedwabe Fort Jameson. Ndinabwera kuno ndili mnyamata kudzaphunzira utelala pakhonde la sitolo ina ku Down Shops, ndipo pambuyo pake ndinakhazikika ku Kapata, kumene ndili mpaka lero. Salaula asanadzaze misika m'zaka za m'ma 1990, madiresi a ukwati ndi masuti a akwati ambiri a kuno ankadutsa m'manja mwa ife atelala. Munthu akamayesedwa chovala amalankhula, ndiye za mabanja ndamva zambiri. Ineyo ndaimira maukwati asanu ndi anayi. Pa onsewo pali umodzi umene sundichoka mumtima, ndipo ndiwo unandichititsa kuzengereza tsiku limenelo.

Koma ndiyambe ndi mmene atsibweni anga anandiphunzitsira ntchitoyi. Iwo ankati nkhoswa ndi munthu amene wapereka khosi lake. Tsiku la chinkhoswe ungoyamba kumene. Mkazi akaima, ankhoswa auzidwe. Wina akadwala matenda ogoneka pamphasa, ankhoswa auzidwe asanafooke. Mwamuna akafuna kutenga mkazi kupita naye kwawo pa chitengwa, apemphe kudzera kwa ankhoswa. Munthu akamwalira m'nyumba mwako ankhoswa ake osadziwa kuti ankadwala, umenewo unali mlandu waukulu, ndipo maliro ankatha kuima mpaka ufotokoze. Mwana wako akalakwa, wokagwada ndi kulipira nkhuku kapena mbuzi unali iwe. Paja amati nkhuyu zodya mwana zinapota akulu.

Pali chinthu china chimene ndinachizindikira mochedwa. Ukwati wa Achewa kale unali wa chikamwini. Mwamuna ndiye ankasamuka, kukamanga nyumba kwa mkazi, kukalima munda wa apongozi. Mkazi ankagona m'mudzi mwa amayi ake, alongo ake ali patsidya pa bwalo. Akakuwa usiku, anthu oyamba kufika pakhomo anali a magazi ake, ndipo mkamwini wa dzanja lopepuka ankadziwa kuti mawa lake adzamusonyeza njira atanyamula mphasa ndi nkhwangwa yake. Choncho akuluakulu akamauza mtsikana kuti banja ndi kupirira, ankauza munthu wokhala mumpanda. Ankatanthauza kupirira umphawi, kupirira chaka cha njala, kupirira mwamuna wochedwa ku mowa. Moyo wake unali ndi alonda.

Ife titasamukira m'tauni tinanyamula mawu akuti pirira, koma alongo aja tinawasiya kumudzi.

Mwana wa mlongo wanga wamkulu anakwatiwa mu 1991. Diresi lake ndinasoka ndine, usiku, ndi nyali ya palafini. Iye ndi mwamuna wake ankachita lendi kachipinda ku Mchini, pakati pa anthu osawadziwa. Mbale wake wapafupi m'tauni monse ndinali ine.

Ulendo woyamba anabwera ndi mlomo wotupa, nati anagunda chitseko. Malemu amayi a kunyumba anamutengera kuseri, ndipo pobwerako anandiuza zoona zake. Ndinaitanitsa mwamunayo. Anabwera atavala jekete, anagwada, anapepesa ndi mawu okoma, nasiya nkhuku. Ndinaona ngati ndagwira ntchito yanga.

Ulendo wachiwiri anafika usiku, wopanda nsapato, mwana ali kumbuyo. Anagona kwathu. Kutacha ndinamukhazika pansi ndi kumuuza kuti, "Mwanawe, banja ndi kupirira. Amayi ako anapirira, agogo ako anapirira." Ndinamugulira chitenje chatsopano ndi kumuperekeza ndekha. Lero ndikadzifunsa chimene chinali mumtima mwanga, ndimapeza kuti chinali manyazi. Ndinali mkulu wa mpingo. Ndinkaopa kuti anthu adzati ukwati umene anaimira atelala aja watha usanakwane zaka zitatu. Komanso ndalama zimene akuchimuna anapereka zinali zitadyedwa kale kumudzi, ndipo nkhani yobweza inkandilemera. Ndinayeza zonsezi pa sikelo, ndi kuiwala kuyezapo munthu amene anakhala patsogolo panga.

Ulendo wachitatu sanalankhule zambiri. Anangoti, "Atsibweni, andipha."

Ndinamuyankha kuti nkhani ya banja saweruza nkhoswa mmodzi. Mnzanga wa kuchimuna anali kumudzi kokumba nsawawa, ndiye ndinati abwerere kaye kwa mlungu umodzi, akabwera tidzakhala pansi. Mwambo ndinautsata bwinobwino. Mlunguwo usanathe, anthu oyandikana nawo nyumba anamukweza pa njinga usiku kupita naye kuchipatala, mkono utathyoka, magazi akutuluka m'khutu. Anachira, Mulungu ndi wachifundo. Koma khutu lakumanzere linagontha mpaka lero. Ndikafuna kulankhula naye ndimayenera kukhala kudzanja lake lamanja, ndipo nthawi iliyonse ndikamasuntha mpando kuti ndikhale mbali imeneyo ndimakumbukira.

Tikuchokera kuchipatala, amayi a kunyumba anandifunsa funso limene sindinaliyankhe. Anati, "Bambo, paja mumati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto uja munauzimitsa, kapena munangoukwirira ndi phulusa?"

Zinanditengera zaka khumi ndi chimodzi kuti ndipepese. Munthu wamkulu kugwadira mwana wa mlongo wake sizichitika kawirikawiri kwathu, ndipo ndinkadzinamiza kuti iye waiwala. Tinakumana pa maliro ena kumudzi, ndinamupempha tipite pansi pa mtengo wa mango. Nditatha kulankhula anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ndinabwera kwa inu katatu, atsibweni." Sanawonjezepo kanthu. Kukhululuka kwake kunabwera pang'onopang'ono, m'zochita. Lero amagulitsa ndiwo ku Saturday Market, ndipo chimwalirire amayi a kunyumba ndi iye amene amandibweretsera nkhwani wotendera.

Apolisi atatsegula nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit m'zaka zomwezo za m'ma 1990, ife akuluakulu ambiri tinadandaula kuti boma lalowa kuchipinda, likupasula mabanja. Lamulo lolimbana ndi nkhanza za m'banja litabwera mu 2011, madandaulo anali omwewo. Ndimawamvabe pa maliro, amuna tikakhala pamoto usiku. Ine ndinasiya kuvomereza. Wapolisi analowa pakhomo limene ife ankhoswa tinalisiya lopanda mlonda. Mkazi amene wamenyedwa akandipeza lero, ndimamuperekeza ndekha kuchipatala ndi kupolisi, zokambirana zimabwera pambuyo, iye ali pamalo otetezeka. Anthu amene amati kumenya ndi mankhwala a banja sanakhalepo kudzanja lamanja la munthu wogontha khutu.

Wina angaganize kuti basi ndataya mwambo. Ayi. Ndinaona mphamvu yake pa maliro a mng'ono wanga mu 1998, nthawi imene matenda a Edzi ankatenga anthu a msinkhu wogwira ntchito, ndipo tinkapita kumanda pafupifupi mlungu uliwonse. Ndinali nkhoswa wa kuchimuna. Dothi la pamanda lisanaume, alongo anga enieni anayamba kuwerenga malata a nyumba, bedi, wailesi, njinga. Ankati chuma cha mwamuna chimapita ku mbumba yake, ana ali ndi atsibweni awo.

Mawuwo sanali abodza. Ndi mmene zinalili kale, ndipo panali chifukwa chake. Mkamwini ankasiya khasu, nkhwangwa ndi mphasa, pamene munda, nkhokwe ndi nyumba zinkatsala kwa mkazi ndi ana m'mudzi mwawo. Palibe mwana amene ankagona panja. Koma nyumba ya mng'ono wanga inali ya m'tauni, ndipo theka la njerwa zake linagulidwa ndi ndalama za zitumbuwa zimene mlamu wanga ankakazinga mbandakucha. Kutenga malata amenewo m'dzina la mwambo kunali kuba.

Ndinaimirira pakati pa abale anga ndi kunena kuti palibe chotuluka m'nyumbamo. Lamulo la 1989 la chuma cha munthu womwalira osasiya wilo linali kumbali yanga: pa magawo 100, ana amatenga 50, wamasiye 20, makolo a malemu 20, ndipo 10 amapita kwa ena amene malemuyo ankawasamala. Nyumba imakhala ya wamasiye ndi ana, ndipo wamasiyeyo amakhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Komabe chimene chinawakhazika chete alongo anga si pepala la boma. Iwo kukhoti sakanapita, akanangobwera ndi ngolo usiku. Anamvera chifukwa wolankhulayo anali mlongo wawo, nkhoswa amene anaima pa chinkhoswe cha nyumba imeneyo. Za chokolo ndi kulowa kufa tinazikana pomwepo, tinamumasula mlamu wathu ndi mawu pamaso pa onse. Mlongo wanga mmodzi anakhala zaka ziwiri osandilonjera. Ana aja anakulira m'nyumba ya bambo awo, ndipo mmodzi ndi namwino lero.

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti nkhoswa nthawi zina amayenera kuima motsutsana ndi mtundu wake. Pa chinkhoswe umalandira anthu awiri. Wobwerayo ndiye alibe wina womulankhulira pakati panu.

Chaka cha njala chija cha 2024, mayi wina wa kumudzi kwathu anandituma mawu kuti ndikaimire ukwati wa mwana wake wa zaka 15, wa giredi 8. Mwamunayo anali ndi chimanga chogulitsa. Mayiyo sindimuweruza, nkhokwe yake inali yopanda kanthu ndipo ali ndi ana ena anayi. Koma ndinakana. Ndinamuuza kuti kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo silivomereza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale ukhale wa mwambo, ndiponso kuti Kalonga Gawa Undi akhala akuletsa zimenezi kwa zaka zambiri. Sukulu za boma ndi zaulere kuyambira 2022. Ndinatumiza thumba la ufa ndi yunifolomu imene ndinasoka ndi nsalu zotsala. Mtsikanayo akadali pa sukulu.

Za achinyamata a lero anzanga amalankhula zambiri, ndipo zina ndi zoona. Banja likangogwedezeka, nkhani ili kale pa Facebook, zithunzi ndi mauthenga a kuchipinda zili pa gulu la WhatsApp la banja lonse. Zimandipweteka. Mawu otuluka pakamwa mphepo imawatenga, koma olembedwa pa foni ana anu adzawawerenga atakula, ndipo mukadzagwirizana, anthu amene anaseka sadzaiwala. Koma ndisanadzudzule mwana wotero, ndimayamba ndafunsa kuti anagogoda makomo angati asanapite pa foni. Nthawi zambiri mupeza kuti ankhoswa ake anali anzake a kuntchito a mwamunayo, kapena banja lina la ku tchalitchi limene linasankhidwa chifukwa lili ndi galimoto ndipo limaoneka bwino pa zithunzi. Phwando litatha, aliyense kwawo. Mwana wosowa womumvera amakuwira pamsewu.

Chinanso chimandidetsa nkhawa. Mtsikana amalangizidwa kangapo: alangizi, kichini pate, amayi a mvano, usiku wa ukwati. Amauzidwa kugwada, kuphika, kusunga chinsinsi. Nanga mnyamata amalangizidwa ndi yani? Ife tinakulira ku mphala, ena ku dambwe, ndipo madzulo tinkadya ndi akuluakulu pabwalo, kumva milandu ikuweruzidwa. Sikuti zonse za kumeneko zinali zabwino, koma mnyamata ankamva kuchokera kwa amuna anzake kuti kukweza dzanja pa mkazi ndi chamanyazi. Wa lero amafika tsiku la ukwati atangophunzira kuvina polowa mu holo. Ena mwa iwo ali ndi katundu wolemera mumtima: sukulu anamaliza, ntchito palibe, tsiku lonse akupalasa njinga kapena kuthamangitsa njinga yamoto kunyamula anthu, madzulo mkazi akufunsa ya lendi. Alibe womuuza. Amakathera ku kachasu, ndipo ukali wake umakagwera wofooka amene ali m'nyumba. Nkhoswa woona ayenera kumufika mnyamata ameneyu asanafike pamenepo, kumuyendera popanda mlandu, kukhala naye pakhonde ndi kumufunsa mmene zinthu zikuyendera.

Patapita masiku anayi ndinamuimbira mwana wa mlongo wanga wa ku Lusaka uja. Ndinamuuza kuti ndavomera, koma ya basi asunge. Akwere ndi iyeyo pamodzi ndi mbeta yake, abwere kuno adzagone masiku awiri. Ndinati ndikufunanso kulankhula ndi nkhoswa wa kuchikazi, tidziwane mawu tisanakumane mu holo. Anadandaula za tchuthi ndi za ulendo, poti kuchokera ku Lusaka kudzafika kuno ndi makilomita oposa 550, tsiku lathunthu pa Great East Road. Ndinati ndikudziwa, inenso ndidzayenda mtunda womwewo usiku uliwonse umene mudzandifune.

Anabwera kumapeto kwa Ogasiti, mabasi atadzaza ndi anthu opita ku Kulamba ku Mkaika. Mtsikanayo ndi Mbemba wa ku Kasama, waulemu, wa maso ochenjera. Kwawo munthu woyenda pakati pa mabanja awiri amamutcha shibukombe, ndipo anandifotokozera miyambo yawo, ine ndikumufotokozera yathu. Anabwera ndi nsomba zouma zimene anagula pa mlatho wa Luangwa.

Madzulo a tsiku lachiwiri ndinaitana mwana wa mlongo wanga wamkulu uja. Ndinali nditamupempha kale, ndi kumuuza kuti akapanda kufuna palibe chomukakamiza. Anavomera. Titatha kudya ndinauza mnyamatayo kuti asunthe mpando akhale kudzanja lamanja la mkulu wakeyo. Iye anabadwa zinthuzo zitachitika kale, ankangodziwa kuti achemwali ake samva bwino. Usiku umenewo anamva chifukwa chake, kuchokera pakamwa pa mwini wake. Mayiyo anafotokoza zonse modekha, osasiya mbali yanga, ndipo ine sindinamudule mawu. Mnyamatayo anaweramitsa mutu nthawi yonseyo.

Kenako ndinatembenukira kwa mtsikana uja. Mwambo umati ndikhale naye patali, ndi mpongozi. Koma ndinalankhula naye maso ndi maso, ena onse akumva.

"Mayi, lembani nambala yanga. Uyu ndi mwana wanga, koma kuyambira tsiku la chinkhoswe inunso ndinu wanga. Kwanu ndi kutali. Chikakuvutani musadikire kuti chikule, ndipo musapemphe chilolezo kwa iyeyu kuti mundiimbire. Mukadzabwera kamodzi, sindidzakubwezani kuti mukadikire mlungu."

Anagwada, nalemba nambalayo. Mnyamatayo ndinamuuzanso zake, zimene zili pakati pa iye ndi ine.

Ukwati unachitika mu Okutobala, ndipo suti ya mkwati ndinasoka ndine, ngakhale maso ayamba kuchita chidima. Miyezi imeneyo magetsi ankazima nthawi yaitali chifukwa madzi anachepa ku Kariba, ndiye ndinazolowera kukatchajitsa foni kwa mnansi wanga amene ali ndi sola, kuti isagone yozima. Ndimagona nayo kumutu.

Inalira usiku wina mu Febuluwale, mvula ikugwa pa malata. Nditaona dzina la mtsikana uja mtima unagunda kwambiri, ndinadzuka ndi kukhala pa bedi.

"Atsibweni, pepani ndakudzutsani. Kuno kulibe ndewu. Koma ana anuwa akudwala, lero ndi tsiku lachitatu thupi likutentha, ndipo akukana kupita kuchipatala. Anati ndisakuuzeni."

"Mwachita bwino, mayi," ndinatero. "Apatseni foniyo."